Pepala ndi Pakamwa: Mboni Yoona ndi Iti?

Mu mzinda wa Lusaka muli nyumba ina ya boma imene anthu ambiri amangoipitirira osadziwa za m'kati mwace. Dzina lace ndi National Archives of Zambia, ndiyo nkhokwe ya makalata akale a dziko. M'nkhokwe imeneyi mulibe cimanga kapena mapira, koma mapepala okhaokha, ena ofiira ndi ukalamba, ena odyedwa m'mphepete ndi ciswe asanafike kumeneko. Pakati pa mapepalawo pali mabuku akuluakulu ochedwa District Notebooks, amene Azungu olamulira maboma ankalembamo, ndipo ena a iwo ndi a boma la Petauke, limene kale linaphatikiza dziko la Nyimba lomwe. Bwana aliyense pofika pa boma ankapeza buku la mnzace amene anamtsogolera, naliwerenga, naonjezapo zace: maina a mafumu ndi mibadwo yao, malire a maiko ao, ciwerengero ca midzi ndi ca amuna okhoma msonkho, zaka za njala ndi za dzombe, ndiponso nkhani zimene nkhalamba zinamsimbira za kumene Ansenga anacokera.

Pakabuka mkangano wa ufumu kapena wa malire, anthu amakwera basi ulendo wa mamailosi oposa 200 kukafuna tsamba la m'mabuku amenewo, kapena mapu a malire a mafumu a caka ca 1958, kuti akalionetse kubwalo la milandu. Nkhalamba ya imvi mbuu ingalankhule kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, kuchula agogo ndi alongo ao mmodzimmodzi. Koma mnyamata akangoturutsa pepala la cidindo, bwalo lonse limati zii, ndipo mau a nkhalamba aja amapita ndi mphepo. Apa ndipo pagona funso loyenera kulisinkhasinkha. Pepala ndi pakamwa zikatsutsana, mboni yoona ndi iti? Nanga mau amene munthu ananena, wina nawalemba, nawanyamula kunka nao kutali, mwini wace ndani? Ana a sukulu amayankha msanga, pakuti anazolowera kuti colembedwa m'buku ndico cimakhozetsa mayeso. Koma anthu a ku Petauke ali ndi cifukwa cacikulu cakuti asafulumire kuyankha.

Caka ca 1885 kunafika kwa Mpezeni Mjeremani wina wa malonda a minyanga, dzina lace Carl Wiese, wocokera ku Tete. Anapalana ubwenzi ndi mfumu ya Angoniyo, ndipo pambuyo pace anatsogolera ulendo wa boma la Apwitikizi m'maiko amenewa, pakati pa 1888 ndi 1891. Pa maulendo ace anasonkhanitsa mapepala onena kuti Mpezeni ndi mafumu ena anampatsa mphamvu yokumba miyala ya mtengo wapatali ndi yocita nchito zina m'maiko mwao. Mafumuwo sanadziwe kuwerenga. Cimene mfumu inamva ndi khutu kupyolera mwa womasulira, ndi cimene cinagona papepala, palibe munthu angalumbire kuti zinali cinthu cimodzi. Mwa mwambo wa makolo mfumu imapatsa mlendo malo akuti amangepo ndi kulimapo, monga mwini nyumba ayalira mlendo mphasa. Mlendo akacoka, mphasa imatsala. Dziko siligulitsidwa, cifukwa m'dziko muli manda, ndipo palibe amene anagulitsapo manda a amai ace.

Tsono mapepala aja anayenda ulendo umene eni dziko sanauyende. Caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire, ndipo dziko la Mpezeni linagwera kwa Angerezi. Wiese anagulitsa mapepala ace, nafika m'manja mwa anthu a cuma a ku London, amene caka ca 1895 anapanga kampani yochedwa North Charterland Exploration Company. Kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inalola kampani yatsopanoyo kutenga dziko la masikweya mailosi 10,000 kum'mawa kwa Luangwa, lophatikiza mbali yaikulu ya maboma a Fort Jameson ndi Petauke. Ansenga ambiri, anthu okhala ndi mafumu aoao, anagona madzulo ali eni dziko, nadzuka m'mawa ali alendo pa dziko la kampani. Tambala analira monga mwa masiku onse, amai anapita kukatunga madzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kanthu kasintha.

Golidi amene eni kampani ankamlota anapezeka wocepa, ngakhale ku mgodi wa Sasare. Angoni anathyoledwa ndi mfuti mu Januwale 1898. Koma pepala linakhala ciri ndi moyo. Caka ca 1928 boma linakhazikitsa malo ochedwa Native Reserves, ndipo midzi inasamutsidwa kukapanikizana m'menemo, kuti dziko lotsala lidikire Azungu a mafamu, amene ambiri a iwo sanabwere konse. Nthaka ya m'malo opanikizana inaguga, pamene minda yosiyidwa inasanduka thengo la nyama ndi kashembe. Ndipo cozizwitsa ndi ici: wokadandaula ku London kuti walandidwa dziko anali kampani, popeza malo a anthu aja anadulidwa m'gawo lace. Woweruza wina, dzina lace Maugham, anafufuza mlanduwo caka ca 1932. Potsiriza, caka ca 1941, boma linaturutsa ndalama kugula kwa kampani dziko lotsalalo, ndipo anthu anayamba kubwezedwa pang'onopang'ono. Kuyambira 1891 kufikira 1941 ndi zaka 50. Mwana amene anali kumbuyo kwa amace pamene Wiese ankapinda mapepala ace anali ndi adzukulu pamene mphamvu ya mapepalawo inatha.

Munthu womva izi angapse mtima, nati, Mapepala otere ngoyenera moto. Nanga asungidwiranji m'nyumba zabwino, ndi alonda pakhomo, ngati kuti ndi cuma? Mkwiyo wotere uli ndi maziko. Koma asanakoleze motowo ayambe wamva zimene zinacitika caka ca 1964.

British South Africa Company inkalandira ndalama zambirimbiri pa mkuwa wokumbidwa ku Copperbelt, ndipo pangano la 1950 linailola kulandirabe kufikira 1986. Inkati mphamvu imeneyi inacokera m'mapangano akale: la Lewanika, mfumu ya Alozi, la caka ca 1890, ndi ena amene Joseph Thomson ndi Alfred Sharpe anasonkhanitsa caka comweco. Thomson ananyamuka ku Nkhotakota, naoloka Luangwa, nayenda kulembetsa mafumu kumadzulo. Ufulu utayandikira, boma la Kenneth Kaunda linatuma anthu kukafukula makalata akale, ndipo makalatawo anaonetsa kuti ufumu wa Lewanika sunafike kumene kuli migodi, ndi kuti mapepala a Thomson anali ofooka ndithu. Kampani inaona kuti mwala umene inakhalira ukugwedezeka. Pa 23 Okutobala 1964, maora owerengeka mbendera ya Zambia isanakwere, inavomera kutaya mphamvu zace zonse za migodi polandira mapaundi 4,000,000, theka kucokera ku Britain ndi theka ku Zambia.

Akulu amati mlandu suola. Ndi zoona, koma suola pokhapokha ngati pali wosunga umboni wace. Mapepala amene ananyenga agogo ndiwo anadzacitira umboni adzukulu, monga mapazi a mbala amene atsala pamatope. Acikhala kuti munthu wina wokonda dziko lace anawatentha ndi mkwiyo, kampani ikadangonena pakamwa kuti mapangano analipo ndipo anali olungama, ndipo ndani akadaitsutsa? Eni ulamuliro anadziwa bwino mphamvu imeneyi. Pamene Angerezi ankacoka m'maiko amene analamulira, makalata ena anawatentha, ena anawatumiza mobisa kwao; ndipo caka ca 2011, pa mlandu wa nkhalamba za ku Kenya zimene zinazunzidwa m'nthawi ya Mau Mau, boma lao linavomera kuti linasunga makalata zikwizikwi pa malo ochedwa Hanslope Park, ena a iwo a Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Wobisa kalata ndi wotentha kalata ali pa nchito imodzi, ngakhale mitima yao isiyane. Cotero wosunga nkhokwe ya makalata alibe ufulu wosankha okoma ndi kutaya owawa. Tsiku limene ayamba kusankha, waleka ulonda, walowa m'mlandu monga mboni yonama.

Komabe kusunga pepala ndi kwina, kulikhulupirira ndi kwina. Wowerenga ayerekeze m'maganizo mwace tsiku limene tsamba limodzi la buku la Petauke linabadwa. Bwana wafika pamudzi ndi amtengatenga ace, hema wamangidwa pansi pa mkuyu, amesenjala a zipewa zofiira aimirira pambali. Nkhalamba zakhala pansi, zaomba m'manja. Bwana afunsa m'Cingerezi, kapena m'Cinyanja cace ca m'buku. Womasulira, amene mwina ndi mlendo wa mtundu wina, atembenuza. Nkhalamba iyankha m'Cinsenga, mozungulira, ndi miyambi, monga ayankhulira akulu. Womasulira afupikitsa, pakuti Bwana sakonda kucedwa. Bwana alemba mizera iwiri. Mau amene anaturuka ngati mtsinje wodzala afika papepala ngati madzi a m'cikho. Ndiponso nkhalamba idziwa kuti wofunsa za makolo lero ndi yemwe uja anawerenga nyumba dzulo cifukwa ca msonkho. Kodi idzachula mphwace amene anathawira ku Cipwitikizi? Kodi idzanena pamaso pa mfumu kuti banja lakuti linafika m'mudzi monga akapolo, kapena kuti ufumu unalumpha nyumba yoyenera? Iai, idzanena zimene ziri zabwino kunena masana, mesenjala ali ciriri.

Pali cinanso cimene kalaliki aliyense wozolowera mabuku a boma angacione msanga. Ansenga amatsata mtundu kwa amai, ndipo odziwa bwino amene anabala yani, ndi amene anayamwa bere liti, ndiwo amai akuluakulu a mbumba. Koma pabwalo la Bwana olankhula anali amuna. Amai anali kuseri, kuphika nsima ya amtengatenga. Mibadwo ya mafumu inalembedwa mboni zenizeni ziri kukhichini.

Sikuti Azungu onse olemba anali osasamala. E. H. Lane Poole, amene anagwira nchito pa Petauke, anafunsa mwakhama, ndipo caka ca 1934 anaturutsa buku la mbiri ya mitundu ya kum'mawa kwa Luangwa. Popanda anthu otere zambiri zikadalowa m'manda pamodzi ndi eni ace, ndipo kukana kuwayamika ndi kusaona mtima. Koma ngakhale wofunsa wakhama amakomana ndi nkhani zokhala ndi nkhope ziwiri. Acewa amasimba kuti Undi, atakhazikika ku Mano, anafutukula ufumu wace kufikira kwa Ansenga, nasiya Kalindawalo monga wolinda bwalo lace, ndipo amati dzina lomwelo licitira umboni. Ansenga ambiri amayambira nkhani pena: amati makolo ao anaoloka Luangwa kucokera kumadzulo, ku maiko a Alala ndi Aluba, ali ndi atsogoleri aoao. Kapena nkhani zonse ziwiri ziri ndi coona cace, pakuti anthu angacokere kumadzulo nadzapereka mitulo kwa mfumu ya kum'mawa. Koma pamene boma linakhazikitsa ulamuliro wa mafumu ndi lamulo la 1929, linafuna yankho limodzi pa mfumu iriyonse: wamkulu ndani, wamng'ono ndani, woyenera bwalo la milandu ndi malipiro ndani. Fomu ya boma iribe mzera wolembapo kuti zonse ziwiri nzoona. Zimene makolo anazisiya zofewa kuti abale akhalirane, inki inaziumitsa.

Kenaka pamacitika cinthu cobisika, coopsa kuposa bodza lenileni. Buku likasindikizidwa limalowa m'sukulu. Mwana awerenga, nakasimbira anzace kumudzi. Zaka 40 zikapita mwana uja ndiye nkhalamba. Pofika wofufuza mbiri, nkhalambayo imsimbira bwino lomwe, ndipo wofufuza akondwa kuti pakamwa ndi buku zagwirizana. Sadziwa kuti ali ngati munthu wofuula m'phiri, amene pakumva mau ace akubwerera ayesa kuti wapeza mnzace womvomereza. Mboni zimene ziwoneka ziwiri ndi imodzi yovala malaya awiri.

Koma asanyengedwe munthu kuyesa kuti pakamwa ndi poyera. Lilime liribe fupa. Ufumu ukakhala pa mpikisano, mbali iriyonse imakumbuka agogo amene aithandiza ndi kuiwala amene aitsutsa, ndipo imacita zimenezi ndi mtima woona, osadziwa kuti ikusankha. Popeza dzina la ufumu limalowedwa, mafumu atatu kapena anai a dzina limodzi amasanduka munthu mmodzi m'nkhani, wokhala ndi moyo zaka zosatheka. Njala ziwiri zimasanduka imodzi. Pano pepala liri ndi ubwino umodzi umene pakamwa palibe, ndiwo wakuti silingasinthe mau ace. Likanama limanama bodza lomwelo zaka 100, ndipo bodza losasuntha limagwidwa. Tsamba lolembedwa caka ca 1910 silidziwa amene akulimbirana mpando lero, ndipo silinamwe mowa wa mmodzi wa iwo. Cokha nkuti linamwa mowa wa anthu a 1910.

Cifukwa cace pepala liyenera kucitidwa monga acitira mboni pabwalo la mfumu. Mboni siithamangitsidwa cifukwa ndi mlendo, ndiponso siikhulupiridwa cifukwa yavala jekete. Imafunsidwa. Analemba ndani, caka citi, ali kuti? Anaona yekha kapena anamva? Anamva kwa yani, m'cinenero citi, pamaso pa yani? Anafuna kuti Bwana wace wa ku Fort Jameson amve ciani? Nkhalamba nayonso ifunsidwe mafunso omwewo, mwaulemu: anakuuzani ndani, agogo, ndipo iwo anali a nyumba iti? Pamene ziwirizi zigwirizana osakopana, pamenepo pali poponda polimba. Pamene zisiyana, kusiyanako nakonso ndi umboni, pakuti kumaloza malo amene wina anali ndi cifukwa cobisa kapena cokometsera. Woweruza amene angoona cidindo nagamula pomwepo wathawa nchito yace.

Funso lina ndi lopweteka mtima koposa: kodi nkoyenera kuwerenga zimene wakufa sanafune kuti ziwerengedwe? David Livingstone, amene anafika pa Zumbo, pamene Luangwa athira mu Zambezi, mu Januwale 1856, anasiya makalata ambiri, ndipo ena ali m'nyumba ya zakale ya mu mzinda wa Livingstone. Caka ca 1871, ali ku Nyangwe m'dziko la Congo, mapepala ndi inki zinamthera, nalemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ndi inki yopanga yekha ya mbeu za m'thengo. Kumeneko anaona ndi maso anthu mazanamazana, makamaka amai, akuphedwa pamsika ndi anthu a malonda a ukapolo. Inki ija inafufuma mpaka zilembo zinaleka kuoneka. Koma caka ca 2011 akatswiri anaziwerenga ndi nyali za mtundu wina, napeza mau osonyeza kuti iye anali ndi nkhawa kuti ena mwa anthu ace omwe anakhudzidwa ndi zoipazo, mau amene sanaoneke m'buku limene Horace Waller anasindikiza caka ca 1874. Kodi akatswiriwo anamlakwira? Kuoneka kuti iai. Munthu amene mau ace anagwedeza maboma ndi kutsegulira njira amisyoni ndi atsamunda sangakhale ndi cinsinsi conga ca munthu wamba. Iwo amene anasenza zotsatira za mau ace ali ndi gawo m'zolemba zace, ngakhale zimene anazifafaniza.

Koma mlandu usintha pofika ku mabuku a mipingo. Amisyoni a Dutch anamanga pa Nyanje caka ca 1905, pambuyo pace pa Hofmeyr ndi pa Merwe. Abambo a White Fathers anamanga pa Minga, ndipo mwambo wao unali wolemba buku la tsiku ndi tsiku pa misyoni iriyonse. M'mabuku a mipingo muli maina a anthu wamba: wobatizidwa, wokwatira, ndiponso woikidwa pa cilango cifukwa ca mowa, ca mitala, ca cigololo, kapena ca kuvina. Mai amene anaulula colakwa cace pamaso pa akulu a mpingo, misozi iri m'maso, sanadziwe kuti dzina lace lidzagona pa shelefu kudikira mlendo. Adzukulu ace alipo, ndipo midzi ya ku Nyimba si yaikulu kuti dzina lisowe mwini. Tsamba lotere lisatenthedwe, pakuti limaphunzitsa m'mene makolo analimbanira ndi cipembedzo catsopano. Koma wolitsegula akhale ngati wosambitsa maliro, amene aona zonse ndi maso, osakazinena pamowa. Mphamvu za wamkulu ziululidwe ndi dzina lace lomwe. Manyazi a wamng'ono aphunziridwe dzina litaphimbidwa.

Nanga mwini wace ndani? Wofuna kutsata mbiri ya boma limodzi la Petauke m'mapepala ayenera kukhala ndi mapiko. Za boma ziri ku Lusaka ndi ku London. Nkhani ya ulendo wa Wiese inasindikizidwa ku Lisbon m'Cipwitikizi, ndipo inamasuliridwa m'Cingerezi caka ca 1983. Za mpingo wa Dutch ziri ku Stellenbosch, za White Fathers ku Rome, za mpingo wa U.M.C.A. ku Oxford. Osunga amati pepala ndi lathu, inki ndi yathu, ndipo tikadapanda kusunga likadaola. Mau amenewa sali opanda nzeru. Caka ca 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, nupsereza makalata a zaka zoyamba za Nyasaland. Ndipo aliyense amene anatsegulapo kabati ya pa boma itatha mvula adziwa zimene ciswe, makoswe ndi denga lodontha zimacita. Wofuula kuti zibwere kwathu ayambe waonetsa nkhokwe yosadontha.

Komabe kusunga mbuzi ya mnzako m'khola mwako sikuisandutsa yako, ngakhale waiweta bwino zaka zambiri. Pepala lingakhale la wosunga, koma mau ali m'menemo ndi a iwo amene anawanena ndi a iwo amene akunenedwa. Kale kunali kobvuta kugawa ziwirizi. Tsopano nkotheka, popeza tsamba limajambulidwa, cithunzi cace nkupita kulikonse. Mabuku a maboma a ku Lusaka aja anajambulidwa ndi kuikidwa mu kompyuta zaka za m'ma 2000, ndipo imeneyo inali nchito yoyamikika. Koma cithunzi ca tsamba la Cingerezi, la Cipwitikizi, la Cibunu kapena la Cifalansa sicinafike kwa mwini mpaka wina atacinena m'cinenero cimene mwiniyo amamva. Mau anacoka pamudzi kupyolera mwa womasulira, ndipo adzabwerera kupyolera mwa womasulira. Nchito imeneyi igwera anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu, ndipo iwo adzayesedwa ndi yeso lomwe lija la womasulira wa pansi pa mkuyu: kufupikitsa, kukometsera mbali ya amalume ao, kapena kunena zonse.

Pali kanthu kena koyenera kuzindikira pa makalata a anthu akuda eni ace. Leonard Kamungu, wansembe wa ku Nkhotakota amene anatsegula misyoni ya Msoro nafera komweko caka ca 1913, analemba makalata kwa abwenzi a mpingo ku England, ndipo mau ace akudziwika cifukwa anapita kumene kuli makabati. Makalata amene anayenda njira yobwera kumudzi sanapeze mwai wotere. Zaka zambirimbiri amuna a ku Petauke ndi ku Nyimba ankapita kukagwira nchito ku Salisbury, ku Wankie, ku Joni, ku Broken Hill ndi ku migodi ya mkuwa, ndipo ankalemba kwao, kapena kupempha mnzao wodziwa pensulo kuti awalembere. Kalata ikafika, mwana wa sukulu ankaitanidwa kudzaiwerenga pakhonde, mudzi wonse uli cheru. Munali moni wa aliyense mwa dzina lace, ndalama za msonkho, nsaru ya amai, funso lakuti mwana wayamba kuyenda kodi, dandaulo la mphekesera za mkazi, lonjezo lakuti ndidzabwera mvula ikatha. M'makalata amenewo Ansenga analankhula okha, popanda Bwana wofunsa ndi mesenjala woimirira. Ndiwo makalata osowa kwenikweni, ndipo ndiwo amene nyumba za mabuku ziri nao ocepa. Ambiri anapicira fodya, ena anakulungira mcere ndi kapenta, ena anakolezera moto m'mawa wa mvula.

Otsala ali m'mabokosi a citsulo pansi pa kama, omangidwa ndi luzi pamodzi ndi citupa, malisiti a msonkho ndi kadi la ubatizo. Mdzukulu akatsegula bokosi lotere apeza pepala lopyapyala lothothoka m'buku la sukulu, lolembedwa ndi pensulo, lopanda caka, losainidwa ndi dzina la kunchito limene palibe amene alidziwa pamudzi. Iye angawerenge liu lirilonse, koma sadziwa wolemba. Agogo okhala pamphasa sadziwa cilembo ndi cimodzi comwe. Koma akangomva mzera woyamba amati, Ameneyo ndi mlongo wanga, anapita caka ca dzombe, ndipo mwana akumfunsayo ndi atate ako. Mvula inatha, iye sanabwere.